Dzina la Achimwene Lameki Loyenda Lokha

Achimwene anga a Lameki sadziwa kumana, ndipo khalidwe limeneli landitopetsa kuyambira tili ana ku Rugare, kuno ku Zimbabwe, kumene bambo athu ankagwira ntchito ya njanji atachoka kwawo ku Dedza. Akawagulira nsapato za Khirisimasi, pofika chaka chatsopano mumaziona kuphazi kwa mwana wa eni ake. Titakula n'kusamukira ku Kuwadzana, matendawo anasamuka nawo. Wilibala yawo yazungulira malo onse kuyambira kumsika mpaka ku nyumba zatsopano za ku Extension, makwerero awo akwera madenga a anthu amene sitikuwadziwa ndi mayina omwe. Ine ndikakalipa amangoseka n'kunena kuti, "Mai Blessmore, chinthu chikangokhala m'nyumba chimachita dzimbiri."

Ntchito anayamba ali mnyamata wopanda ndevu, pakampani ina yaikulu ya ku Southerton yogawa ufa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira m'masitolo a dziko lonse. Kampaniyo ili ndi madepoti ku Workington, ku Bulawayo, ku Mutare ndi kwina. Ine ndimagulitsa tiyi, mabanzi ndi mazira owiritsa pageti pake pomwepo, choncho zam'katimo zimandipeza ndekha pabenchi panga, sindichita kufunsa.

Makompyuta atafika pakampanipo, akuluakulu anzawo anaopa, ena mpaka kudwala nazo mutu. A Lameki anasangalala ngati awagulira njinga. Anali m'gulu loyamba kupatsidwa dzina lolowera ndi pasiwedi, mawu achinsinsi aja otsegulira makinawo. Poyamba dzina lawo linkatsegula za katundu wa mosungiramo basi. Atawasamutsira kumalole, anawatsegulira za malole, za katundu zija osawatsekera. Chaka china kalaliki wa ku ofesi ya antchito atapita kukachira, a Lameki anakagwirizira kwa kanthawi, ndipo uko nako anawatsegulira. Pobwerera palibe amene anakumbukira kutseka. Tsitsi likamayamba kuyera, dzina la achimwene linali likutsegula paliponse m'kampanimo.

Tsono tangoganizani, munthu wosadziwa kumana ali ndi kiyi wa zitseko zonse. Kalaliki watsopano ankadikira nthawi yaitali asanapatsidwe dzina lake, lole itaima panja, dalaivala akutukwana. Wina ankangomunong'oneza kuti apite kwa Sekuru Lameki, monga amawatchulira achinyamata a Chishona. Achimwene ankamugwira paphewa n'kunena kuti, "Ingolowa ndi langa, mwanawe, ntchito isaime." Madalaivala anaitenga pasiwediyo n'kukaifikitsa ku Bulawayo ndi ku Mutare pamodzi ndi matumba a ufa. Kompyuta ikawakakamiza kusintha, ankalengeza yatsopanoyo pa WhatsApp mwachangu ngati uthenga wa maliro, kuopa kuti wina angavutike. Ngakhale ine, amene sindinagwirepo kompyuta, ndinkaidziwa pamtima, chifukwa makasitomala ankandifunsa akumwa tiyi.

Ndinene zoona, achimwene ankazikonda zimenezi. Pankafika nthochi zochokera ku Mutare, kwa munthu amene sanamuonepo nkhope. Akamadutsa pageti, moni ankachokera uku ndi uku. Akazi awo, alamu anga, atamwalira, m'nyumba muja munazizira, koma kuntchito foni yawo inkalirabe tsiku lonse, anthu akuwafuna. Ndikuganiza kuti chimene chinawadzutsa pamphasa ya maliro n'chimenecho.

Kenako kunabwera Dolly. Dolly ndi mwana wa malemu mkulu wathu, amene anatisiyira ali kamwana ka sukulu, ndipo tinamulera awiri, ine ndi achimwene. Anaphunzira za makompyuta, n'kulembedwa ntchito pakampani yomweyo, m'chipinda cham'mwamba chozizira chija. Tsiku loyamba anadutsa pabenchi panga atavala kakhadi m'khosi, ine ndinagawa mabanzi aulere kwa aliyense amene anali pafupi, chinthu chimene sindichita ngakhale pa Isitala. Mwana wathu ameneyu Chichewa amachiyankhula chopindika, chosakaniza ndi Chishona ndi Chizungu, koma mutu wake ndi wowongoka.

Madzulo ena tili m'kombi yobwerera ku Kuwadzana, anandifotokozera ntchito yatsopano imene abwana ake, a Chenai, anamupatsa. Maso ake ankawala, manja akuuluka mpaka kugunda chipewa cha bambo wa kutsogolo.

"Mainini, tangomvani," anatero, poti amanditchula choncho mwa Chishona, kutanthauza mayi aang'ono. "Kampani yonse tikuikonza. Aliyense akhala ndi kiyi wake, wotsegula chipinda chimene amagwiramo ntchito basi. Wa ku Mutare akafuna kuona shuga amene watsala ku Southerton, azipempha, timutsegulire zenera la shugayo, akatha titseke. Ndiye taika sikirini yaikulu pakhoma, yoonetsa amene watsegula, chimene watsegula, ali kuti. Chilichonse chizioneka, shuwa."

Ine ndinaomba m'manja m'kombi momwemo. Kondakitala anaganiza kuti ndikufuna kutsika.

Chimwemwe chinali pawiri, chifukwa nyengo yomweyo tinali pakalikiliki wa chinkhoswe chake. Mnyamatayo ndi Edilson, makanika waulemu, wa m'banja lochokera ku Tete limene linathawira kuno nthawi ya nkhondo. Nkhoswe ya kuchimuna anali amalume ake, a Elcídio, kalaliki pa depoti ya kampani yomweyo ku Workington, munthu woyankhula mofatsa koma wofunsa mafunso ambiri. Nkhoswe yathu sitinachite kusankha. Mwa amuna a kwathu, kuno ku Zimbabwe atsala ndi a Lameki okha, a ku Dedza timangowadziwa pazithunzi. Ankhoswe awiriwa anali atakumana kale kangapo, zitenje za yunifolomu tinagula, ndipo msoti woti tikapereke posinthana ndi tambala wa kuchimuna unali ukunenepa kuseri kwa nyumba.

Vuto linatulukira Lamlungu lina titabwera kutchalitchi. Dolly anagwada pafupi ndi mpando wa achimwene, monga tinamuphunzitsira, n'kuyamba kupotokola chala.

"Amalume, dzina lanu lija la pa kompyuta tiyenera kulitseka mwezi uno usanathe. Tikupatsani lina, lanulanu, lotsegula za malole zokha. Koma limenelo simungabwereke munthu."

A Lameki anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Ndiye anyamata a ku Bulawayo alowa bwanji?"

"Aliyense apatsidwa lake, Amalume. Masiku ano sizichedwa."

"Ndiye kwa ine azibwera kudzatani?"

Ine ndinaona nkhope ya achimwene ikusintha mwa njira imene sindinaionepo, ngakhale tsiku limene makwerero awo anabwerera atathyoka.

"Ndakulera ndi manja awa," anatero, "ndipo lero ukufuna undisandutse womana ndili ndi imvi. Anthu azinena kuti Lameki mwana wake atangokwera m'mwamba muja, anayamba kutseka zitseko. Chabwino. Ukatseka dzina langa, ukapezenso nkhoswe ina."

Mawu amenewo anandiwawa mpaka m'mafupa. Popanda nkhoswe palibe chinkhoswe, ndipo a kuchimuna sangalandire msoti kuchokera m'manja mwa mayi wogulitsa mabanzi. Ndinawakalipira achimwene tsiku limenelo mpaka aneba anazimitsa wailesi kuti amve bwino. Ndinawakumbutsa malemu mkulu wathu, ndinawatchula wouma mutu, ndinawauza kuti wilibala yawo ili ndi nzeru kuposa iwo. Anangotenga chipewa n'kupita kukathirira masamba.

Masiku anayamba kuthamanga. M'nyumba munalibe kuyankhulana, kupatula msoti uja umene unkangodya osadziwa kanthu. Ine ndinamukokera Dolly pambali n'kumupatsa nzeru yanga ya pageti.

"Tseka mwakachetechete, ukanene kuti ndi netiweki. Chinkhoswe chikadutsa adziwe okha."

"Hazviite, Mainini, sizingatheke," anatero. "Sikirini ija imandionanso ine. Ndikatseka, ilemba kuti watseka ndi Dolly. Komanso ngakhale ikanapanda kulemba, sindingawabere Amalume dzina lawo kumbuyo. Ndikufuna avomere okha."

Ndinamuyang'ana mwanayo, ndinaona kuti wayamba kuonda. Ndinaganiza kuti ndi nkhani ya nkhosweyi basi, osadziwa kuti pali china chimene ankasenza yekha.

Ine sindine munthu wodikira. Tsiku lina masana ndinasiyira mnzanga wogulitsa maputi, chimanga chokazinga chija, benchi langa, ndinalowa pageti, ndinakawapeza achimwene pakati pa malole atavala jasi lawo la fumbi. Ndinawagwira dzanja monga ndinkachitira tili ana. "Mukane mutaona," ndinatero. "Tiyeni mukaone chinthu cha mwanayu kamodzi kokha." Dolly, amene ndinali nditapangana naye, anali atapempha kale chilolezo kwa a Chenai, mayi wamfupi wamagalasi amene anatilandira pakhomo n'kutipatsa moni wa ulemu.

M'chipindamo munali kuzizira ngati m'firiji ya butchala, koma sikirini ija inandiiwalitsa zonse. Inadzaza khoma lonse. Panali mapu a Zimbabwe, timagetsi tobiriwira tikuphethira m'mizinda, ndipo m'mbali mizere ya mayina inkatsika yokha, uyu watsegula ichi, uyu watseka icho. Ndinaona lole ya mafuta ikulandiridwa ku Gweru ine nditaima ku Southerton. Ndinafuna kululuta, koma ndinakumbukira kuti ndili mu ofesi ya eni ake.

Dolly analemba dzina la amalume ake. Timagetsi tina tonse tinazima, n'kutsala ta a Lameki okha. Tinayaka ku Bulawayo, ku Mutare, ku Workington ndi pansi pathu pomwepa, tonse nthawi imodzi. Lameki akutulutsa sopo, Lameki akulandira ufa, Lameki akusintha njira ya lole, mwini dzina ataima pakati pa chipinda manja ali m'matumba.

Ine ndinkayembekeza kuti achita mantha. Achimwene anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba. "Taona, Mai Blessmore," anatero akuloza. "Kampani yonseyi ndine. Ndili ku Mutare osalipira basi." Anayandikira khoma, akuwerenga mokweza, akutchula anyamata amene ankawaganizira kuti ndi amene ali kuseri kwa kagetsi kalikonse. Sindinawaonepo atanyada chotero, ndipo ndinadziwa kuti nzeru yanga yanditembenukira. Ndinalakalaka nditawaponyera dzira lowiritsa.

Ali m'kati moloza, chala chawo chinaima pa mizere ingapo imene inali yofiira. "Nanga iyi yafiira bwanji?"

Dolly anayang'ana pansi. Amene anayankha ndi a Chenai. "Imafiira munthu akatsegula mafayilo a antchito, baba. Mmene mumakhala makalata a kuchipatala ndi zina za munthu payekha."

"Ine sindinalowemo m'menemo chichokereni ku ofesi ija." Anatulutsa magalasi m'thumba la jasi, anawapukuta, anawavala. Ndinaona milomo yawo ikuwerenga, kenako inasiya. Fayilo imene inatsegulidwa inali ya Dolly. Mizere yonse yofiirayo inali ya fayilo imodzi yomweyo, makalata a opaleshoni imene mwanayu anachitidwa chaka chatha, nkhani imene tinaisunga m'nyumba mwathu. Anatsegulira ku Workington, masiku osiyanasiyana, ndipo pambali pa mzere uliwonse panalembedwa kuti wotsegula ndi Lameki.

"Ndani ameneyu?" Mawu awo anatuluka aang'ono.

"Sikirini ikudziwa inu nokha, Amalume," anatero Dolly. "Ku Workington amene amalowa ndi dzina lanu ndi ambiri. Sitinganene kuti ndi uje."

Achimwene anakhala pampando umene palibe anawapatsa. Kwathu a kuchimuna amafufuza ndithu za mtsikana, si zachilendo, koma amafunsa kwa nkhoswe, nkhosweyo n'kusankha choyankha. Ntchito ya nkhoswe ndi imeneyo, kuima pakhomo la mwana. Ndinawaona akukumbukira china chake.

"A Elcídio anandifunsa za opaleshoniyi titakumana komaliza," anatero. "Anatchula ndi mwezi womwe. Ndinkayesa unawauza ndiwe."

"Ndinauza Edilson yekha, kalekale. Iye sanauze munthu, ndinamufunsa."

"Ndiye iwe unaziona liti izi?"

"Sikirini itangoyamba kugwira ntchito."

"Osandiuza bwanji?"

Apa Dolly misozi inatsika, ndipo Chichewa chinamuthawa, anayamba ndi Chishona kenako n'kubwerera. "Ndaitya, Sekuru. Ndinkaopa kuti mukakwiya ndi a kuchimuna zonse zitha. Komanso sindinafune kuti muvomere chifukwa cha manyazi."

Ine ukali unandikwera mpaka m'makutu. Ndinali wokonzeka kukwera kombi ya ku Workington nthawi yomweyo. Achimwene anakweza dzanja kuti ndikhale chete, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawamvera. Anayang'ana timagetsi tawo tija tikuphethirabe m'mizinda, koma tsopano sankaseka.

"Pamene amatsekera ndi pati?" anafunsa.

Dolly anawaonetsa pa kompyuta yake. Anafuna kudina yekha, koma iwo anamugwira mkono. "Ndinabwereketsa ndine." Anatambasula chala chawo chokhakhala chija n'kudina. Bulawayo anazima, Mutare anazima, Workington anazima. Pakhoma panatuluka mzere watsopano wonena kuti dzina la Lameki latsekedwa, ndipo a Chenai anaumwetulira.

Tisanatsike ndi masitepe omwe, foni yawo inayamba kulira m'thumba. Anaiyang'ana kanthawi, anayankha. Tonse tinamva mawu a mnyamata akudandaula kuti pasiwedi ikukana, lole yaima. Ndinaona mawu ozolowereka aja akufuna kutuluka okha pakamwa pa achimwene.

"Palibe, mwanawe," anatero. "Imbira Dolly akupatse lako. Sachedwa."

Ndinaluluta pamasitepe pomwepo, ofesi ya eni ake kapena ayi. Mlonda anabwera akuthamanga. Masana amenewo foni ya Dolly ndi anzake inalira osapuma, ndipo pofika nthawi yoweruka mapu aja anali atayakanso, kagetsi kalikonse ndi dzina la mwini wake. Mwanayo anatsika akuvina ndi mapewa, akundiuza kuti tsopano kampani yayamba kudziona nkhope.

Koma musaganize kuti achimwene zinawakomera. Sabata yotsatira foni yawo inangoti zii. Nthochi za ku Mutare sizinabwere. Masana ankadzakhala pabenchi panga, kumwa tiyi mwakachetechete, foni ataiika pabondo n'kumaiyang'ana. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ngakhale sindinawauze. Za unkhoswe sanatchule, kuti abweza mawu aja kapena ayi, ndipo ine ndi Dolly tinkaopa kufunsa. Za a Elcídio nazonso sananene kanthu. Tinapitiriza kukonzekera mitima ili m'mwamba.

Loweruka la chinkhoswe ndinadzuka m'mawa kukayang'ana msoti, ndinapeza palibe. Nditazungulira kukhonde ndinawapeza achimwene atavala suti yawo ya bulauni, nsapato zopolishidwa, msoti uli m'khwapa, akuumanga miyendo ndi kansalu katsopano. "Ukuyang'ana chiyani?" anatero. "Kavale, tichedwa."

Pabwalo panadzaza. A ku Tete anabwera ndi nyimbo zawo, ife ndi zathu, achinyamata akujambula ndi mafoni n'kumakuwa m'Chishona. Edilson anamupeza Dolly pakati pa atsikana ofundidwa zitenje osalakwitsa, ndipo fumbi linakwera. Itafika nthawi yosinthana nkhuku, a Elcídio anaimirira ndi tambala wawo, achimwene ndi msoti wathu, anthu n'kukhala chete. Ine ndinaima pafupi, chifukwa sindinkadziwa chimene chituluke pakamwa pawo.

A Lameki analandira tambala, koma msoti sanaupereke msanga. Anayankhula motsitsa, moti anamva ndi a pamphasa yakutsogolo okha.

"A Elcídio, anzanga. Kwathu kuno ndimadziwika kuti sindimana, ndipo mukafuna wilibala kapena makwerero, bwerani usana uliwonse. Koma za mwana uyu zili ndi khomo limodzi, khomolo ndine. Mukafuna kudziwa kanthu, mugogode, ndikuyankheni ndekha. Zina ndidzakuuzani, zina ndidzakumanani."

A Elcídio anavula chipewa, anachipana m'khwapa, natambasula manja onse awiri. "Tamva, bambo," anatero. "Tidzagogoda."

Achimwene anaika msoti m'manja mwawo. Ng'oma zinayambanso, amayi analuluta, ine ndinaluluta kuposa onse mpaka mawu anandithera. Dolly anachoka pampando wa mkwatibwi, chinthu chimene sichiloledwa, anadutsa pakati pa anthu ndi diresi lake n'kukagwada m'fumbi pamapazi pa amalume ake. Iwo anamudzutsa, anamupukuta maondo ndi mpango wa m'thumba la suti, n'kumubweza okha kumpando wake atamugwira dzanja.